Ana akufuna kukaona chilumba: tipite ku Likoma kapena ku Zanzibar?

Amake Dalitso (Kapata): Muli bwanji nonse abale. Ndabwera ndi pempho. Chilimba chathu cha kumsika chindigwera mwezi wamawa, ndipo ine ndi atate a Dalitso tamvana kuti ulendo uno ndalamayi isathere pa malata ndi simenti ngati zaka zonse. Tikufuna titenge ana akaone madzi aakulu. Dalitso ali ndi zaka 12, mlongo wake 8, wotsiriza 4. Madzi omwe anawa akuwadziwa ndi a Lutembwe basi, ndi Luangwa yomwe anaisuzumira tili pa mlatho popita ku Lusaka. Wapakatiyu anaphunzira za chilumba kusukulu, ndiye kuyambira pamenepo sindipuma. Dzulo anandifunsa kuti, "Amama, anthu a pachilumba akafuna kupita ku chigayo amadutsa pati?" Ena akutiuza Zanzibar, ena Likoma. Amene munapitako ndi ana, tithandizeni. Kumeneko mwana amachita chiyani tsiku lonse? Apongozi anga nawonso tipita nawo, koma madzi amawaopa kwambiri.

a Jere: Amai, musavutike ndi kuganiza. Likoma ili pakhomo, pa nyanja ya Malawi. Kuchoka m'tauni yathu ya Chipata kufika pa boda ya Mwami ndi mphindi zochepa, ndipo chitsegulireni boda yatsopano ija mu 2022 mapasipoti amadindidwa malo amodzi, simuyendanso maofesi awiri otalikirana. Ife a ku Zambia viza ya ku Malawi sitifunika. Mukanyamuka m'mawa, nsima yamasana mukadyera ku Lilongwe. Kuchoka apo mulowera ku Nkhata Bay, komwe mukakwere sitima.

NaTembo: Koma a Jere, mwanayo wanena chilumba. Chilumba chenicheni ndi cha panyanja yamchere.

a Jere: Anthu a ku Likoma akumveni! Chazunguliridwa ndi madzi mbali zonse, mufunanso chiyani mayi?

NaTembo: Chabwino, ndagonja pamenepo. Koma ndiloleni ndinene zanga. Ine ndinapita ku Zanzibar ndi ana anga awiri, wina zaka 10 wina 14. Tinakwera basi mpaka Lusaka, kenako Kapiri Mposhi, kukagwira sitima ya TAZARA. Njanji imeneyi ndi yamakilomita 1,860 kukafika ku Dar es Salaam, ndiye muwerengeretu kugona m'sitima mausiku awiri. Kwa ana anga ulendowu unali kale tchuthi pawokha. Anamatirira pawindo kuwerenga mapanga omwe sitima imalowamo kumapiri a ku Tanzania, ndipo titayandikira ku Dar tinadutsa m'nkhalango ya nyama, anaona akadyansonga ali phee pansi pa mitengo. Ku Dar mukwera boti lalikulu lothamanga, maola awiri mwafika ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar.

Chomwe ana anga sadzaiwala ndi afulu a pa Prison Island. Ndi kachilumba kakang'ono, mumapitako ndi boti kuchokera ku Stone Town, theka la ola. Afulu ake si awa timatola m'minda nthawi yadzinja ayi. Awa ndi aakulu ngati mtondo wogonekedwa, oyamba anabwera kuchokera ku Seychelles mu 1919, ndipo ena apitirira zaka 100. Wamng'ono wanga anagwada n'kumuyang'ana m'maso fulu wina kwa nthawi yaitali, osalankhula. Fuluyo anatulutsa khosi pang'onopang'ono, makwinya okhaokha, mwana n'kunong'ona kuti, "Amama, akufanana ndi agogo aamuna." Kwina ndi ku nkhalango ya Jozani, kuli apusi amsana wofiira omwe kwawo ndi ku Zanzibar komweko, amatsika mpaka pafupi. Madzulo timapita ku Forodhani, m'mphepete mwa nyanja, komwe amaotcha nsomba ndi kufinya madzi a nzimbe inu mukuona.

Amake Dalitso (Kapata): Eee, NaTembo, mwanditengera mtima. Koma mausiku awiri m'sitima ndi mwana wazaka 4 ndi agogo ake?

NaTembo: Apo ndiye sindikunamizani amai, ndi ulendo. Kupita kokha kumadya masiku atatu kapena anayi mukawerengera kuchokera kuno, kubwerera chimodzimodzi. Ngati tchuthi chanu ndi sabata imodzi, chidzathera m'njira. Kuli ndege, koma anthu asanu ndi mmodzi, chilimba chimodzi sichingakwane. Komanso kuyambira mu Okutobala 2024 mlendo aliyense wolowa ku Zanzibar ayenera kugula inshuwalansi ya boma lakumeneko, ndiye muwerengere mutu uliwonse.

a Zulu a ku Mtenguleni: Ine ndifunse mwaulemu. Anawa ku Mfuwe anapitako? Azungu amachoka kutali kudzaona njovu ndi akambuku ku Luangwa kwathu kuno, ife tili pakhomo koma tikuthamangira kwa eni. Ndalama yathu ikathere kuno.

Amake Dalitso (Kapata): Mwanena zoona atate, ndipo ku Mfuwe Dalitso anapitako ndi sukulu. Koma chomwe akulira anawa ndi madzi oti maso osaona tsidya. Chimenecho ku Luangwa kulibe.

a Zulu a ku Mtenguleni: Ndamva amai. Pitani bwino, koma chaka chamawa enawo akaonenso njovu.

Amake Chisomo: Amake Dalitso, ndimati ndikhale chete koma nkhani yanu yafanana ndi yanga. Ife tinapita ku Likoma ndi ana atatu, wamng'ono anali ndi zaka 5. Ndikuuzani mmene masiku athu ankayendera, mudzaone nokha ngati zikukuyenerani.

Tinakwera Ilala ku Nkhata Bay. Sitima imeneyi ndi nkhalamba, zitsulo zake zinapangidwa ku Scotland, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Imayenda kamodzi pa sabata kuchokera ku Monkey Bay kukwera kumpoto n'kubwereranso, ndiye tsiku lake mulifunsiretu musananyamuke kuno, chifukwa mukaiphonya mudikira. M'kati mwake muli dziko lonse: matumba a chimanga, malata, njinga, nkhuku, madengu a usipa, amayi obereka ana. Ngati thumba lilola, tengani chipinda chogona chifukwa cha agogo ndi kamwanako. Tisanafike ku Likoma tinaima pa Chizumulu, chilumba chinzake chaching'ono.

Tsono kumeneko tsiku limayamba msanga. Dzuwa lisanatuluke asodzi amakhala akubwera kuchokera kokagwira usipa, aja mumawaona usiku nyali zili ngwee panyanja ngati tauni ina. Ana anga ankadzuka okha, popanda kuwagwedeza ngati tsiku lasukulu, n'kuthamangira kugombe. Kumeneko ankathandiza kukoka makoka, kuona amayi akuyanika usipa pamathandala, fungo lake lili guu. Mnyamata wanga anapalana ubwenzi ndi ana akumeneko tsiku loyamba lomwe, chifukwa chilankhulo sichivuta, Chinyanja chawo n'chosiyana pang'ono ndi chathu koma mumamvana bwinobwino. Anamuphunzitsa kukhala m'bwato lamtengo osagudubuka, miyendo kunja, pamadzi ofika m'chiuno.

Cham'ma 9 koloko, dzuwa lisanalume, timalowa m'madzi. Madzi ake ndi oyera moti mumaona zala zanu zakumapazi pamchenga. Pamalo pomwe tinagona anatibwereka magalasi oonera pansi pa madzi. Mtsikana wanga poyamba anakana, kenako anaviika nkhope pafupi ndi mwala, n'kudzuka akukuwa, "Amama, nsomba zavala zitenje!" Ndi timbuna timeneto, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, timazungulira miyala pamadzi osaya. Sipafunika kudziwa kusambira, mwana amangowerama inu mutamugwira m'chiuno. Tsiku limenelo kumuchotsa m'madzi inali nkhondo.

Masana kumatentha, timabisala pansi pa mitengo ya mango kapena milambe, chifukwa milambe ku Likoma ndi yosawerengeka. Ana amatola malambe, kuswa pamwala, kumamunya. Madzulo timayenda wapansi kupita kumsika wa Mbamba. Magalimoto ndi ochepa kwambiri, moti mtima wa kholo umakhala pansi, si ngati kuwolotsa mwana pa Umodzi Highway.

Amake Dalitso (Kapata): Zanjala bwanji? Wotsiriza wanga ndi wosankha zakudya.

Amake Chisomo: Nsomba za tsiku lomwelo, chambo, kampango, utaka, usipa wofutsa. Nsima yakumeneko kwambiri ndi kondowole, ya ufa wa chinangwa, imanyunduka ndipo ili ndi kafungo kake. Ana anga awiri anaikonda, wachitatu anakana mpaka tsiku lobwerera. Koma mpunga ulipo, nsima yachimanga mukapempha amaphika. Kwa kamwanako sankhani kampango, minga yake ndi yochepa. Ine ndinanyamulanso kaufa kaphala ndi chiponde chathu cha kuno, zinandithandiza m'mawa.

Aphunzitsi Banda: Ndiwonjezere pa zomwe anena amake Chisomo, chifukwa Dalitso pa zaka 12 ndi msinkhu woti ulendo umuphunzitse kanthu. Mukamutengere ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Anayamba kumanga mu 1903 amishoni a Anglican a bungwe la UMCA, n'kudzamaliza mu 1911. Munthu ukaima pakhomo umadabwa kuti nyumba yaikulu chonchi inafika bwanji pakachilumba ka makilomita 18 okha m'bwalo lake lonse. Malo omwe chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Nkhani imeneyi mumuuze mwana wamkuluyo mosamala, ndi yolemera, koma ndi mbiri yathu anthu akuno. Mukapezeka Lamulungu lowani m'mapemphero ngakhale muli a mpingo wina, kuimba kwake kumagwedeza chifuwa.

Chinanso choti mumufunse mwana akaima pagombe lakum'mawa: mapiri akuonekawo ndi a dziko liti? Ndi a Mozambique, pafupi kwambiri, tauni ya Cobue ili pomwepo. Likoma ndi ya Malawi koma madzi oizungulira ndi a Mozambique. Zinatero chifukwa cha amishoni omwewo, kukhalapo kwawo n'komwe kunachititsa kuti chilumbachi chigwere ku Nyasaland pomwe atsamunda ankagawana malire. Ifenso a ku Chipata, Katete ndi Chadiza nkhani ya malire odula pakati pa abale timaidziwa, ndi aja timakumana ku Mkaika pa Kulamba kuchokera m'maiko atatu.

NaTembo: Aphunzitsi, mwandikumbutsa. Amishoni omwewo ndi amene anamanga tchalitchi cha ku Stone Town, pamalo pomwe panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873. M'kati muli mtanda wopangidwa ndi mtengo wochokera kwa Chitambo, kwathu ku Zambia kuno, mtengo womwe pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Wotiyendetsa atamva kuti ndife a ku Zambia anatitengera pomwepo. Koma tizipinda tapansi tomwe amaonetsa kuti munkasungidwa akapolo, wamng'ono wanga anatuluka akulira, usiku sanagone bwino. Mwana wazaka 4 kapena 8 ine sindingamulowetsemo.

Aphunzitsi Banda: Zoona mayi. Ndipo ambiri mwa anthu omwe anagulitsidwa pamsika umenewo anachokera m'madera a kunyanja ya Malawi, ena anawoloka kudzera ku Nkhotakota. Zilumba ziwirizi nkhani yake ndi imodzi.

NaPhiri (namwino): Ine zokoma ndasiyira anzanga, ndinene zomwe zimandidetsa nkhawa. Choyamba ndi kumira. Ana athu a kuno sadziwa kusambira, ndipo mwana akamamira sakuwa ngati mmene anthu amaganizira, amangolowa chete. Wamkulu mmodzi akhale ndi ntchito imodzi yokha, kuyang'ana ana, foni ili m'chikwama. Musanene kuti Dalitso ayang'anira azing'ono ake, nayenso ndi mwana. Gulani majekete oyandamitsa a msinkhu wa ana musanafike kunyanja, chifukwa omwe amapezeka m'maboti nthawi zambiri ndi a akuluakulu, mwana amapulumukamo.

Chachiwiri ndi likodzo. M'nyanja ya Malawi lilipo, makamaka pamadzi odikha, pomwe pali bango ndi udzu ndi nkhono, kufupi ndi pochapira ndi posambira anthu ambiri. Sankhani pamchenga poyera kapena pamiyala pomwe mafunde amamenya. Mukabwerako, pakatha miyezi iwiri kapena itatu pitani nonse kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kwa munthu, ndiye musangogula n'kumwetsa mwana mongoyerekeza. Mukaona magazi mumkodzo musadikire miyezi imeneyo.

Malungo mukuwadziwa kale, nyamulani maneti anu. Ndipo dzuwa la pamadzi limaotcha ngakhale khungu lathu lakudali, mwana avale chipewa ndi malaya posamba. Ku Likoma chipatala cha mishoni chilipo, koma mankhwala a agogo a tsiku ndi tsiku mutengeretu okwanira ndi owonjezera.

Amake Chisomo: Za majeketezo NaPhiri akunena zoona, ndinaziona ndi maso. Tsiku lina tinalipira mnyamata wina kuti atizungulitse ndi boti la injini. Nditafunsa majekete anati, "Amayi musadandaule, nyanja ili bwino lero." Ndinalola. Pobwerera mphepo inadzuka, madzi anayamba kulowa kutsogolo, wamng'ono wanga anandikumbatira m'khosi akunjenjemera, ine dzanja limodzi pa iye lina pathabwa. Tinafika bwino, koma usiku umenewo sindinagone, ndinkangowagwira ana m'mutu mmodzimmodzi. Kuyambira pamenepo boti lopanda majekete sindikwera, ngakhale mtengo utsike bwanji.

a Mbewe a ku Lundazi: Nthawi yopitira ndiyo nkhani yaikulu. Amai, mukufuna tchuthi chiti? Ngati ndi cha Ogasiti dziwani kuti ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kum'mwera, imayamba cha mu Meyi kapena Juni mpaka Ogasiti. Nyanja imakwiya ndithu, anthu amasanza m'sitima, ndipo apongozi anuwo akakwera tsiku lotero sadzakukhululukirani. Nyanja imagona bwino Seputembala mpaka Novembala, koma ana amakhala ali kusukulu. Ine ndikanasankha kumayambiriro kwa tchuthi cha Disembala, sukulu zikangotseka. Kumatentha, mango apsa, mvula ikabwera imabwera ndi mkuntho koma siichedwa. Maulendo a boti muziyenda m'mawa.

Ife a kuno timadulira pa Lusuntha kukatulukira ku Jenda, kenako Mzuzu, kutsetserekera ku Nkhata Bay. Koma nthawi yamvula ndi ana, inu a ku Chipata ingodzerani ku Mchinji pa tala.

a Jere: Ndipo ndalama musinthire malo ovomerezeka, osati kwa anyamata oimika anthu m'njira. Kwacha ndi dzina limodzi koma mphamvu zake n'zosiyana kutali, mukamva mtengo wa mbale ya nsima uli m'masauzande musadzidzimuke. Nyamulani ndalama zapamanja zokwanira musanakwere sitima. Mwana aliyense akhale ndi chitupa chake choyendera, ndipo makalata awo obadwira muwaike m'chikwama chomwecho, m'pepala la pulasitiki chifukwa cha madzi.

NaSakala: Ine ndili ndi maganizo ena chifukwa cha agogowo. Bwanji osapita ku Cape Maclear? Mumafika pagalimoto mpaka pamudzi wa Chembe, osakwera sitima. Agogo akhala pamkeka pamthunzi, mapazi pamtunda, inu ndi ana mukwera boti kupita pachilumba cha Thumbi chomwe chili pamaso pomwepo, mphindi zochepa. Ndi m'dera la Lake Malawi National Park, lomwe bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mitundu ya nsomba zake. Mbuna ziliko zambirimbiri. Ndipo oyendetsa boti amaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi imachoka pamtengo n'kudzaiwakha ndi zikhadabo pafupi nanu. Mwana wanga anaimirira m'boti n'kufuula kuti, "Ndi ya pa mbendera yathu!" Ndinachita kumukhazika pansi ndi lamba wa jekete.

Amake Chisomo: Nkhwazi ku Likoma zilikonso, kulira kwake ndi komwe kumakudzutsani. Koma NaSakala, pa Thumbi mumangopita n'kubwerera. Mwanayu funso lake linali la chigayo. Akufuna aone anthu okhala pachilumba, sukulu yawo, msika wawo, mmene thumba la simenti limafikirako. Zimenezo akaziona ku Likoma, tsiku lofika sitima, chilumba chonse chikatsikira kugombe.

NaSakala: Pamenepo mwandiposa. Koma agogo muwafunse okha, musawasankhire.

Amake Dalitso (Kapata): Ndawafunsa tsopano lino, ali pakhonde akusenda nyemba. Ndawawerengera zonse, za afulu, za mwera, za boti lopanda majekete lomwe. Anakhala chete, kenako anati, "Tchalitchi chimenecho amayi anga ankachitchula. Ngati sitimayo ndi yaikulu yoti munthu n'kukhala pakati osaona madzi, ndipita." Ndiye zikuoneka kuti ndi Likoma, mu Disembala. Zanzibar tiisungira pomwe wotsirizayu adzakule, NaTembo musataye mtima, ndidzakufunani.

NaTembo: Ndilipo amai. Nthawi imeneyo ndidzakuuzani za kusankha gombe, chifukwa kum'mawa ngati ku Paje ndi Jambiani madzi akaphwa amathawa kutali, mumayenda mtunda pamchenga kukawapeza, ndipo mumafunika nsapato chifukwa cha tizilombo taminga. Ku Nungwi, kumpoto, madzi sathawa kwambiri. Komanso ndi kwa Asilamu, m'tauni chitenje chisachoke m'chiuno.

Aphunzitsi Banda: Mumugulire Dalitso kope laling'ono azikalemba mayina a nsomba ndi mawu a Chinyanja chakumeneko omwe ife kuno tilibe. Akadzabwera adzatiwerengere. Mukamva ng'oma ndi malipenga a zikho madzulo, tsatirani, ndi gule wa malipenga ameneyo, nthawi ya Khirisimasi magulu amakonda kuvina.

Amake Dalitso (Kapata): Zikomo kwambiri nonse. Amake Chisomo, funso limodzi lotsala: majekete a ana aja munakawapeza kuti pambuyo pake, ku Lilongwe kapena muitanitse ku Lusaka? Wa zaka 4 ndi wowonda, sindikufuna lomukulira.

Amake Chisomo: Anga ndinaitanitsa ku Lusaka, ndipo laling'onolo mwana wanga linamuthina kale, lili m'sutikesi. Lili ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, ndi amene amaletsa kuti lisavuke. Loweruka ndibwera nalo kumsika, mubwere naye mwanayo timuyeze.